Tisitima ta a Makwinja

A Makwinja tawaika m'manda mwezi wathawu, kamvula kamawawa kakuwaza. Pa Misa ya maliro, ansembe, mzungu wokalamba amene anakhalako ku Malawi zaka zambiri, analalika m'Chichewa kuti malemuwa anali munthu woleza mtima, chifukwa munthu wopupuluma sangapente kachitseko kochepa ngati njere ya mpunga. Kumbuyo kwanga mayi wina anatsokomola, mnzake n'kumukodola. Ansembewo sananame. Kuleza mtima a Makwinja anali nako, koma kunkathera pa zitsulo. Ife anthu tinkalandira zotsala, ndipo kawirikawiri sipankatsala kanthu.

Anthu anandipempha kuti ndiyankhule kumanda m'malo mwa anansi a ku Ongar, dera limene timakhala kuno ku Dublin, ine ndinakana. Pamanda munthu sanena zonse.

Ndinawadziwa kudzera mwa akazi awo, mayi Esinati, amene ndimagwira nawo ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Nyumba zathu n'zoyandikana, ndipo popeza ndili ndi galimoto, ndinkawanyamula popita kuntchito, kutchalitchi ndi kokagula zinthu. Dzina langa ndi Mphatso, koma kwa a Makwinja ndinali "a dalaivala" basi.

Anali munthu wamfupi, wowonda, wa zala zazitali. Magalasi ankavala awiri, ena pamphuno, ena pachipumi. Akachoka kutchalitchi ankavula jekete n'kuvala ovolosi ya buluu yothimbirira penti, osamasula tayi. Kumudzi anali mmisiri wokonza mitu ya sitima ku Limbe. Ntchito itatha, pamodzi ndi zina zandale zimene sankazifotokoza bwino, anabwera kuno kudzapempha chitetezo, ndipo anakhala zaka zingapo mu hositelo osaloledwa kugwira ntchito. Anzawo ankasewera makhadi ndi kuonera mpira. Iwo ankatola zitini za nyemba ndi makatoni a bisiketi n'kumapanga tisitima. Kamodzi mwa tisitimato kanafika pa tebulo la malonda a kutchalitchi, pomwe kanaonedwa ndi mzungu wina dzina lake Declan, mwini kakampani kopanga tisitima ta anthu okonda kusunga zoterezi. Mapepala awo okhalira m'dziko muno atatuluka, a Makwinja anayamba kumupentera zitsanzo zoyamba, zija amaonetsa kwa anthu katundu asanapangidwe wambiri.

Kunyumba, chipinda chimodzi chapamwamba chinali cha njanji zokhazokha. Ndisaname, zinali zokongola. Tsiku loyamba ndinaima pakhomo n'kuona siteshoni ya Limbe yonse ili pa thabwa: denga ladzimbiri, mayi wosenza nthochi, mbuzi yomangidwa pa chitsulo cha sikelo, mlatho, phiri lokhala ndi miyala yake. Kasitima ka dizilo kanatuluka kuseri kwa phirilo kakukoka mabogi a feteleza, ine n'kumva ngati ndanunkhiza chimanga chootcha.

"Koma zidolezi n'zokongola, bambo," ndinatero.

Anazimitsa magetsi, kasitima kaja kanaima pakati pa mlatho. Anatsitsa magalasi apachipumi n'kundiyang'ana.

"A dalaivala, zidole ndi zija mumazisintha matewera kuntchito kwanu. Tsekani chitseko, mukulowetsa fumbi."

Umo ndi momwe ankayankhulira, osakweza mawu. Ankati anthu alipo a mitundu iwiri, mitu ndi mabogi, ndipo bogi likayamba kudzisankhira njira, pamenepo ndiye pamafa anthu. Ankati kulira ndi ntchito ya munthu amene manja ake alibe chochita. Ankati Amalawi a ku Dublin tinawoloka nyanja kudzatsuka azungu kumbuyo n'kumadzitcha ma carer, ndipo ankanena zimenezi akudya nkhuku yogulidwa ndi malipiro a ntchito yomweyo ya akazi awo.

Anthu ankawaopa chifukwa cha hositelo ija. Kumeneko makoma anali opyapyala, ndipo iwo popeta zitini zawo ankamva nkhani imene aliyense ankakonzekera kukauza a boma. Sanaiwale ndi imodzi yomwe. Pa msonkhano wina wa Amalawi ku Tyrrelstown, bambo wina anawatsutsa pa nkhani yaing'ono ya kumene tingakachitire chikondwerero. A Makwinja anamusiya amalize, kenako anamufunsa mwaulemu kuti, "Kodi achimwene anu aja munati anaphedwa, afika bwino ku Joni? Muwapatse moni." Bambo uja anakhala pansi, ndipo sanabwerenso kumisonkhano. Sindinamvepo kuti a Makwinja anakaneneza munthu. Sankafunika kutero. Zinkawakwanira kuti munthu azidziwa kuti iwo akudziwa.

Amene anawaona zaka zomalizira zokha sangakhulupirire zimenezi. Anaona nkhalamba ya pa njinga ya olumala, kukamwa kutapotoka, ikudondetsa dovu pa thaulo. Sitiroko inawalanda dzanja lamanja, miyendo, ndi Chingerezi chonse. Munthu amene ankatikonza tikalakwitsa mawu anafika posamva ngakhale moni wa namwino. Chinatsala ndi Chichewa, ndi Chilomwe pang'ono cha amayi awo.

Mayi Esinati anawasamalira moti namwino wochokera ku boma ankagoma. Ankawasambitsa, kuwameta, kuwatembenuza, kuwapaka mafuta. Zaka zonsezo a Makwinja sanatuluke chilonda ndi chimodzi chomwe. Koma mayi sankawayankhula m'Chichewa. Ankalowa m'chipinda ndi mawu aja timagwiritsa ntchito kwa okalamba a kuntchito, mawu okoma koma opanda mwini.

"Good morning, Mr Makwinja. Time for your tablets."

A Makwinja ankawayang'ana pakamwa ngati mwana wosochera pa depoti.

"Esinati," ankatero movutikira, "tandiyankhula."

"Open your mouth, please. Good man."

Tsiku lina mayi atatsikira kukhitchini, ndinawerama n'kuwafunsa kuti mwadzuka bwanji bambo. Anandigwira pamkono ndi dzanja lamanzere mwamphamvu moti ndinamva kuwawa.

"Mphatso," anatero. "Nenanso."

Ndinanenanso. Kenako ndinachotsa dzanja lawo chala chimodzichimodzi, chifukwa mayi anali akukwera masitepe ndi phala.

Amayi a kutchalitchi zinkawapweteka. Mmodzi analimba mtima n'kuwauza pamaso panga kuti, "Mayi, awa ndi amuna anu a ukwati woyera. Zimene mukuchitazi si zachikhristu."

"Akudya?" anafunsa mayi Esinati.

"Akudya."

"Akununkha?"

"Ayi."

"Ndiye mwabwera kudzaona chiyani?"

Ine sindinawadzudzulepo, ndipo sindinawafunsepo chifukwa chake. Ndinalipo tsiku limene zinayambira.

A Makwinja ndi mayi Esinati anali ndi mwana mmodzi, Tadala. Pamene a Makwinja ankaitanitsa akazi awo kuti abwere kuno, anati mwana atsale kaye ku Bangwe ndi Agnes, mng'ono wa mayi, amalize pulaimale. Atamaliza anati amalizenso sekondale. Mayi akakumbutsa, iwo ankati ku Ulaya kumawononga atsikana, tiona chaka chamawa. Chaka chamawa chinapitirira mpaka Tadala anapyola msinkhu umene boma limalola kholo kuitanitsa mwana. Mayi ankamulera pa foni. Ankamuthandiza kusankha diresi pa foni, kumulangiza za anyamata pa foni, ndipo impso zake zitayamba kuvuta, ankamudwazika pa foni, ali chiimire m'kachipinda kochapira zovala kuntchito kwathu.

Chaka chimenecho Declan anali akukonza mitu ya sitima yatsopano, yotengera ija yoyendera magetsi ya kumaiko a ku Ulaya kuno. A Makwinja anapenta zitsanzo zake miyezi yambiri, mpaka maso anafiira. Ndiye Declan anaitana anthu ochepa kuti akazione kumalo ake ogwirira ntchito, kufupi ndi bwalo la ndege, zisanalengezedwe kwa aliyense. Anati adzatchula dzina la a Makwinja pamaso pa onse, ndipo abwere ndi akazi awo. Nthawi imeneyo Tadala anali atagonekedwa m'chipatala ku Blantyre, koma dzulo lake anali atamwa phala n'kuseka ndi amake, moti mayi mtima unali utakhalako pansi.

Linali Loweruka. Ndinafika m'mawa n'kupeza a Makwinja atavala suti, ataima kale panja. Mayi anali atavala chilundu chawo chatsopano, akutembenuza mapilo a pa sofa.

"Bambo, foni yanga mwaionako?"

"Ili m'thumba mwangamu. Kumeneko mafoni saloledwa, ndisunga ndine."

"Ndingomva kaye mmene Tadala wadzukira."

"Agnes waimba uli kubafa."

"Wati bwanji?"

"Ndamuuza kuti tiimba. Tiye, tachedwa."

Za mafonizo sananame. Pakhomo pa shedi ya Declan panaima mkazi wake ndi kabasiketi, akutolera mafoni kuti wina asajambule zinthu zisanatuluke. A Makwinja anaponyamo awiri. Ine ndinazimitsa yanga n'kuponyamonso.

M'katimo munali azibambo achizungu achikulire ovala majuzi, tiyi, masikono, ndi fungo la guluu. Ndege zikamanyamuka malata ankanjenjemera, anthu n'kudikira kuti idutse kuti apitirize kuyankhula. Pakati panali tebulo lalitali la njanji, mbali ina yofunditsidwa nsalu. Declan, munthu wamtali wamanyazi, anayankhula pang'ono n'kuchotsa nsaluyo.

Mitu ya sitimayo inali itatu, wofiira, wobiriwira, ndi wina wotuwa wa mzere wachikasu. Uliwonse unali wotalika ngati chikhatho changa. Pamwamba pa njanji panadutsa kawaya kowonda ngati ulusi. Declan anadina batani, ndipo padenga la wofiira uja panadzuka kamkono kopindika, pang'onopang'ono, mpaka kanakhudza kawayako. Nyali zinayaka. Pawindo pankaoneka kadalaivala kovala kapu, tsaya lake lofiirira. Mutuwo unanyamuka wopanda utsi, wopanda phokoso, ukungong'ung'udza ngati njuchi ili patali. Azibambo aja anawerama onse pamodzi, wina mpaka anagwada kuti aone mawilo.

Declan anaitana a Makwinja kutsogolo, nati manambala onse ndi mizere yonse imene akuionayo yajambulidwa ndi dzanja la bambo awa, opanda makina. Anthu anaomba m'manja. A Makwinja anayankhula Chingerezi chosalala, anafotokoza za Limbe, anaseketsa anthu. Aka kanali koyamba kuti ndione mano awo onse. Mayi anaima pambali atawagwirira kapu ya tiyi.

Patapita nthawi mayi anawayandikira n'kunong'ona.

"Bambo, nditengeko foni ndikaimbire panja. Mtima wanga sukukhazikika."

A Makwinja anawagwira paphewa akumwetulira, moti mzungu wina anandiyang'ana ngati akuti taonani chikondi. Koma ine ndinamva mawuwo.

"Ukandichititsa manyazi pano, kunyumba upita wapansi. Gwira kapu."

Tinakhala mpaka anthu onse anapita, chifukwa kamkono ka wobiriwira uja kankadzuka mochedwa ndipo a Makwinja anati sangachoke osakakonza. Anavula jekete, anapempha kachitsulo komasulira masikuluwu, nawerama pamenepo mpaka dzuwa linapendeka. Potsanzikana, Declan anawapatsa wofiira uja m'kabokosi kuti ukhale wawo.

M'galimoto a Makwinja anakhala kutsogolo, kabokosi pamiyendo. Mayi anakhala kumbuyo, akudikira kuti apatsidwe foni yawo. Ndinayatsa yanga, ndipo ndisanaone n'komwe mauthenga amene anadzaza, inalira. Foni yanga imalumikizana yokha ndi sipika ya m'galimoto, choncho tonse tinamva.

"Ndi a Mphatso? Ndine Agnes, ku Bangwe. Nambala yanu andipatsa anthu. Achemwali anga muli nawo?"

"Ndili pano, Agnes," anatero mayi.

"Achemwali, Tadala watisiya." Mawu ake anali atasasa. "Watisiya masanawa. M'mawa ndinauza alamu kuti mwana wasintha, adokotala ati sakhalitsa, akuitana amake. Alamu anati muimba pompano. Ndaimba, ndaimba, foni yozimitsa. Iye ankangofunsa kuti amama aimba? Ine n'kumamunamiza kuti ndi netiweki. Achemwali, munali kuti?"

Ndege inadutsa pamwamba pathu. Itapita, Agnes anali akulirabe pa sipika.

Mayi sanakuwe. Anasendera kutsogolo mpaka nkhope yawo inafika pakati pa mipando.

"Bambo, n'zoona?"

A Makwinja ankayang'ana kutsogolo.

"Ukanayankhula naye akanachira? Impso zimamva foni?"

"Munadziwa."

"Ndikanakuuza, nyumba ikanadzaza azimayi olira kuyambira m'mawa. Tsikuli linali limodzi." Anakonza kabokosi pamiyendo. "A dalaivala, tiyeni. Pa mahampu muziyenda pang'onopang'ono."

Ndinayendetsa mpaka ku Ongar, pa mahampu pang'onopang'ono.

Madzulo ake nyumba inadzazadi. Azimayi tinakhala pansi pabalaza, tikuimba nyimbo za maliro, azibambo ataima kukhitchini. Nyimbo ikatha tinkamva kudenga kanthu kakung'ung'udza, kakuzungulira, kakubwerera. Ena masiku ano amati ndi mmene bamboyo ankalirira, poti anthu salira mofanana. Kaya. Chimene ndikudziwa n'chakuti sanatsike, ndipo mayi atakwera ndege kupita kukaika mwana wawo, iwo sanapite. Anati Declan ali ndi zitsanzo zina zofunika kumaliza.

Tonse tinkati mayi sabwereranso. Anabwerera patatha miyezi iwiri, ataonda, tsitsi atameta. Ndinakawatenga kubwalo la ndege. Tikulowa m'nyumba tinapeza a Makwinja pa masitepe atavala ovolosi yawo.

"Wabwera? Mufiriji mulibe kanthu."

Mayi anaika chikwama pansi.

"Good evening, Mr Makwinja."

Nthawi imeneyo a Makwinja anaseka. Anati bogi laphunzira Chingerezi. Kwa chaka ndi miyezi ankachita nazo masewera, kuwakonza mayi akalakwitsa mawu, kuwayeserera pamaso pa alendo. Ankati zitha zokha, mkazi sangasunge mkwiyo kuposa mmene amasungira mchere. Kenako m'mawa wina anagwa m'bafa, ndipo atatsitsimuka kuchipatala, Chingerezi chinali chitapita. Mayi sanasinthe kanthu. Sanawonjezere, sanachepetse. Anangopitiriza.

Atamwalira, mayi ndi amene anawatseka maso n'kuwamanga chibwano, mwaluso, monga timachitira kuntchito. Ndinaima pambali pawo, ndikudikira kuti mwina tsopano anena kanthu, ngakhale mawu awiri okha a kwathu. Anakoka shiti n'kupita kukaimbira adokotala.

Patatha sabata maliro atachitika, Declan anabwera ndi vani. Iyeyo sankadziwa chilichonse cha tsiku lija, ndipo palibe anamuuza. Analira pang'ono pa masitepe, nafunsa mayi ngati akufuna kusungako kena kake kokumbukira. Mayi anati atenge zonse. Anagwira tsiku lathunthu akumasula njanji, kukulunga tisitima m'mapepala, kucheka phiri lija kuti lituluke pakhomo.

Loweruka lapitali mayi anandipempha kuti ndikawathandize kukolopa chipindacho. Ndinali ndisanachionepo chopanda kanthu. Makoma ali ndi timabowo ta masikuluwu kuzungulira konse, pamsinkhu wa m'chiuno. Pamwamba pa mzerewo penti inathimbirira, pansi pake idakali yoyera ngati yopaka dzulo. Kapeti inaperepeseka pakati, pamene munthu ankaima, ndipo m'mphepete idakali yatsopano. Windo linali lotsekedwa ndi katoni kuti dzuwa lisafumbutse penti. Titachotsa katoniyo tinapeza kuti likuyang'ana ku bwalo kumene ana a m'mafulati amasewera mpira. Fungo la guluu silinachoke ngakhale tinatsegula.

Mayi anatsamiritsa chokolopera kukhoma. Anaima pakati, anatambasula manja mbali zonse, zala sizinafike makoma. Anatembenuka n'kutambasulanso cham'litali.

"Mphatso," anatero, "ndikawakakamiza kwambiri za mwana uja, ankandiuza kuti m'nyumba muno mulibe malo."

Anatsitsa manja.

"Mabedi awiri akanakwana."